Mchenga wa Lachinayi

"Kodi ndikuyankhula ndi munthu kapena ndi khoma?"

Mzime anafunsa funsoli ali chiimire pakati pa chipinda, malaya a bwenzi lake ali m'manja. Mwini malayawo anali atakhala pa mpando wa pafupi ndi zenera, zigongono pa mawondo, maso ali pa simenti.

"Ndikumva," anayankha.

"Mukumva. Eya, kumva kokha ndiye mumatha."

Anthu ankawatchula kuti aDuu. Dzinali linachokera kwa achimwene ake a Mzime, tsiku limene bambo woyendetsa ambulansiyu anafika koyamba kwawo n'kukhala masana onse pa sofa osatulutsa mawu ena kupatula "zikomo" ndi "ayi, ndakhuta". Poyamba Mzime ankapsa nalo mtima dzinalo. Kenaka anazolowera, moti masiku ano akakwiya nayenso ankalitchula chamumtima. Iye mwini, pokhala wotsiriza kubadwa, aliyense ankangoti Mzime, ngakhale tiana ta achimwene ake.

Chimene chinamukopa mwa aDuu chinali kufatsa komweko. Anali atatopa ndi anyamata a pakamwa pozuna, olonjeza ndege pomwe ndi njinga yomwe alibe. Awa ankangofika osalonjeza kanthu, n'kukonza mpopi wodontha, n'kumudikirira pa siteji mvula ili mkati, ambulera ili m'manja. Koma chaka chikatha, munthu umafuna kumvako mawu. Abale a aDuu ankayenera kubwera kumapeto kwa mwezi kudzaonekera kwa amayi ake a Mzime, koma mpaka pano aDuu anali asananene kuti kubwera ndani ndi ndani. Ndiye panalinso nkhani iyi ya m'malaya.

Mzime anatembenuza thumba la malayawo. Mchenga unakhuthukira pa tebulo, woyera, wosalala ngati shuga. Sikanali koyamba. Anali ataupezapo m'mapindiro a thalauza, anali atauonapo m'zikhadabo zawo.

"Lachinayi lililonse masana foni yanu imakhala yozima. Mnzanu wa kuntchito uja akuti Lachinayi mumaweruka molawirira. Mukamabwera, mchenga. Mumapita kuti?"

aDuu anatsegula pakamwa. Mzime anadikira. Kunja ana ankamenyetsa mpira ku khoma la nyumba yoyandikana.

"Si zoipa," anatero aDuu pomaliza.

"Ndiye nenani."

"Ndidzanena."

Mzime anapinda malayawo bwinobwino n'kuwaika pa bedi. Mphamvu zokangana analibe. Thumba la thonje ukalimenya, umatopa ndiwe wemwe. Anatenga kachikwama kake.

"Ndikuperekeze?"

"Khalani. Kuyenda ndi inu n'chimodzimodzi kuyenda ndekha."

Mawuwo anatuluka akuthwa kuposa mmene ankafunira. Atafika pa geti anacheuka, ndipo kudzera pa zenera anawaona akusonkhanitsa mchenga uja ndi dzanja, mosamala, ngati munthu wotola mbewu yotayika.

* * *

Kunyumba anapeza galimoto yofiira itaima pakhomo, ndipo mtima wake unalefuka asanalowe n'komwe.

Mwini galimotoyo anali pa sofa, mwendo pamwamba pa unzake, kapu ya alendo ili m'manja. Anali ndi sitolo ya mankhwala pafupi ndi msika, ndipo amayi ake a Mzime ankamutchula kuti aDokotala, ngakhale udokotala wake unali wogulitsa mapiritsi. Mzime anamukana kalekale, koma munthuyu anazindikira kuti khomo la kutsogolo likatsekedwa pali la kuseri. Ankabwera kudzayeza amayi kuthamanga kwa magazi, n'kukhala mpaka tiyi atazizira.

"Mzime, sukuwapatsa moni aDokotala?" anafunsa amayi.

"Mwaswera bwanji?"

"Taswera, achemwali, kaya inu? Koma mwaondatu. Chikondi chimanenepetsa, nanga chanuchi bwanji?"

Amayi anaseka mokweza kuposa mmene nthabwalayo inkafunira. Mzime anavula nsapato n'kulunjika kuchipinda, koma aDokotala anatsokomola.

"Ine sindikonda kuyambanitsa anthu, amayi ndi mboni. Koma diso ndi diso, likaona laona. Lachinayi lapitali ndinakatenga katundu kuseri kwa positi ofesi, ndiye ndinaona alamu athu aja akulowa m'nyumba ina ya chitseko chachikasu. Anawatsegulira ndi mayi wina wamtali, wa magalasi. Ndipo anthu inu, aDuu anamwetulira! Ine sindinkadziwa kuti ali ndi mano."

"Mwina anakatenga wodwala," anatero Mzime.

"Wodwala wake womutenga wapansi, popanda ambulansi?"

Amayi anaomba m'manja kamodzi. "Ndinanena ine. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu wongokhala chete ngati nkhuku yonyowa, umadziwa bwanji zimene akuganiza?"

"Lachinayi likubwerali ndikhoza kukutengani mukadzionere nokha," anatero aDokotala akupukuta kapu ndi chala. "Galimoto ilipo."

"Miyendo ndili nayo."

Analowa m'chipinda n'kudziponya pa bedi osasintha zovala. Foni inalira. Unali uthenga wa aDuu: "Wafika bwino?"

Analemba kuti, "Mayi wa magalasi ndi ndani?" Anayang'ana mawuwo kwa kanthawi, n'kuwafufuta. Analemba kuti, "Ngati mwatopa nane ingonenani." Anafufutanso. Pomaliza anatumiza liwu limodzi: "Ndafika."

Yankho linabwera nthawi yomweyo: "Chabwino."

Anaika foni pansi pa pilo. Nsanje imene ankayembekezera, ija yotentha pachifuwa, sinabwere. Chimene anamva chinali kulemera basi, ngati wasenza ndowa yodzadza koma potula pake sipakuoneka.

* * *

Kutsutsa galu n'kukumba. Lachinayi masana Mzime anapempha kuchoka kuntchito, akuti dzino likumuwawa, n'kukakhala pa benchi ya kuseri kwa positi ofesi, pansi pa mtengo wopanda mthunzi wokwanira.

Sanadikire nthawi yaitali. aDuu anatulukira pa kona atavala malaya omwe aja, akuyenda mowerama ngati mwa masiku onse. Anagogoda pa chitseko chachikasu. Chinatseguka, ndipo mayi wa magalasi uja anaonekera, wamtali ndithu, wa imvi pang'ono m'mbali mwa mutu. aDuu analowa.

Mzime anakhala pa benchipo mpaka miyendo inachita dzanzi. Kenaka anawoloka msewu. Pambali pa chitseko panali kachikwangwani kofufuma ndi dzuwa, koma maso ake sanafune kuwerenga kanthu. Anagogoda ngati wapolisi.

Mayi uja anatsegula pang'ono. "Ndikuthandizeni, achemwali?"

"Ndikufuna bambo amene walowa muno."

"Pepani, sindinganene za aliyense amene ali muno kapena amene mulibe."

"Simunganene? Ndamuona ndi maso angawa!"

"Ndakumvani. Koma sindinganene."

Anayankhula mofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunamutentha Mzime. Kodi dziko lonse linapangana zomubisira zinthu mwaulemu? Anali pafupi kukankha chitseko pomwe anamva mawu kumbuyo kwa mayiyo.

"Muloleni alowe."

aDuu anali ataima m'kanjira, manja a malaya atapinda mpaka m'zigongono, mchenga uli waa m'mikono. Nkhope yawo inali yotuwa ngati ya munthu amene wangodzuka kumene.

Mayi uja anawatembenukira. "Mwatsimikiza? Nthawi ino ndi yanu, ndipo chipindacho ndi chanu. Mukhoza kukana."

"Alowe."

Mzime ankayembekezera kuona bedi, kapena tebulo la chakudya cha anthu awiri. Chimene anapeza chinamuimitsa pakhomo. Makoma onse anali ndi mashelefu kuyambira pansi mpaka pafupi ndi denga, ndipo pa mashelefupo panali tizidole tosawerengeka, tating'ono ngati chala: tianthu ta misinkhu yonse, ting'ombe, tiagalu, tinjoka, tinyumba, timitengo, timilatho, tigalimoto, ngakhale timabokosi ta maliro. Pakati pa chipinda panali tebulo, ndipo pa tebulopo panali thireyi yaikulu ya matabwa, yopakidwa utoto wobiriwira ngati thambo m'kati mwake, yodzadza ndi mchenga woyera uja.

"Ine ndine mlangizi," anatero mayiyo. "Kuno kumabwera anthu amene anakumana ndi zowawa. Ena amatha kufotokoza, timakhala pansi n'kukambirana. Koma pali zowawa zina zimene zimakhala pansi kwambiri, mawu safikako. Munthu akafuna kunena, pakhosi pamatseka. Ndiye timawapatsa mchenga. Manja amayamba okha, pakamwa pamatsatira pambuyo, kapena osatsatira kumene."

"Ndiye inu mumatani?"

"Ndimakhala pakona apo, n'kumaona. Sindifunsa zambiri, sindimasulira. Ntchito yanga ndi yakuti munthu asakhale yekha pamene akuumba."

Mzime anatsala pang'ono kuseka. Bambo wamkulu, wa ndevu zake, kuzimitsa foni sabata ndi sabata kuti azikasewera ndi zidole! Ndipo iye kusowa tulo, kukayikira mayi wa imvi! Koma atayang'ana aDuu, kuseka kunatha. Anali ataima pafupi ndi thireyi, maso ali mu mchenga, akupuma ngati munthu amene wakwera phiri.

Anasendera pafupi.

Mu mchengamo munali msewu wolembedwa ndi chala, kuchokera pa ngodya imodzi kukafika pa inzake. Koyambira kwa msewu kunali kanjinga kamoto, kokwiririka theka. Kothera kwake kunali kanyumba koyera. Pakati penipeni panaima kagalimoto koyera, kumbuyo kwake kutagona kamunthu chagada. Kutsogolo kwa kagalimotoko kunaima kamunthu kena, katayang'ana ku kanyumba kaja, katafulatira kogonako.

Mzime ankadziwa kuti mng'ono wawo wa aDuu anamwalira pa ngozi ya njinga yamoto iwo asanadziwane. Ankadziwa zokhazo. Nthawi zonse akafunsa, yankho linkakhala lakuti, "Inali ngozi."

Mlangizi anali atakhala pa mpando wake pakona, manja pamiyendo. aDuu anatambasula dzanja n'kugwira kamunthu koimirira kaja. Mchenga wa m'mbali mwa msewu unagumukira mkati. Anakagwira kwa nthawi yaitali. Kenaka, pang'onopang'ono, anakatembenuza mpaka kanayang'anizana ndi kogona kaja.

"Anatiitana ngati mmene amatiitanira masiku onse," anayamba, mawu ali osasa. "Akuti ngozi pa mphambano. Kufika, ndi mng'ono wanga."

Mzime anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Anesi anali naye kumbuyo. Ine kutsogolo. Ankandiitana. Akuti achimwene, imani kaye, bwerani kuno. Achimwene, bwerani kuno." Anakhudza kagalimoto kaja. "Sindinaime. Ndinkathamangira kuchipatala. Ndinkati ndikafika msanga... Titafika, ndinatsegula kumbuyo."

Anachotsa dzanja mu mchenga.

Maso a Mzime anagwera pa shelefu, pa kachidole ka mkazi wa diresi lobiriwira. Anakatenga kuti akaimike pafupi ndi kamunthu kaja kuti kasakhale kokha.

"Pepani, achemwali," anatero mlangizi motsitsa mawu. "M'menemo simulowa dzanja la munthu wina. Ndi mwawo."

Mzime anabweza kachidoleko. Kenaka anaika dzanja pamsana pa aDuu, pakati pa mapewa. Msanawo unali wonyowa ndi thukuta. Anamva ukugwedezeka, poyamba pang'ono, kenaka kwambiri, ndipo anasiya dzanja lake pomwepo mpaka unakhazikika.

* * *

Anatuluka dzuwa litapendeka. Thireyi anaisiya mmene inalili, chifukwa mlangizi anati saphwasula mwini wake akuona. Anayenda m'mbali mwa msewu osagwirana manja, onse ofooka ngati anthu ochokera kumunda.

Pa kagolosale ka pa kona aDuu anagula botolo limodzi la madzi ozizira, ndipo anakhala pa sitepe n'kumalandizana.

"Munayamba liti?" anafunsa Mzime.

"Nditaganiza zokukwatira."

"Chifukwa?"

"Ndimadzidzimuka kutulo. Nthawi zina ndimafuula. Ndinati mwana wa eni asadzabwere m'nyumba yotero."

"Bwanji osandiuza? Ine ndimafa ndi maganizo, kumati pali mkazi wina."

aDuu anayang'ana zikhadabo zawo. "Ndikanati bwanji? Kuti ndikukasewera ndi mchenga?"

Mzime anaseka, misozi ili m'maso. "Ndikanakugulirani kafosholo."

Nawonso anamwetulira, ndipo Mzime anaona kuti kumwetulira kwawoko kunali kwa munthu wotopa zedi.

"Sabata zonsezi kamunthu kaja kamangoyang'ana kutsogolo," anatero aDuu. "Ndimafika, ndimakaimika, ndimalephera. Lero ndi koyamba."

"Ndiye mwachira?"

"Ayi. Akuti zimatenga nthawi." Anamupatsa botolo. "Kubwera amalume ndi azakhali. Amayi miyendo ikuwavuta."

Mzime anatenga kanthawi kuti azindikire kuti akuyankha funso limene wakhala akufunsa mwezi wonse. Anatsamira pa phewa lawo.

"Koma Mzime, za m'chipinda zija zikhale za ine ndi iwe. Ngakhale kwathu sadziwa kuti ndinkayendetsa ndine. Amayi akanamva kuti ankaitana..."

"Sindinena."

Ataimirira kuti azipita, Mzime anaona galimoto yofiira ikuchoka pafupi ndi positi ofesi, mwakachetechete, ngati mphaka amene wamaliza kuba.

* * *

Mvula ikakuona litsiro sikata. Pofika kunyumba anapeza bwalo litakhala kale: amayi pa sofa, achimwene ataima pafupi ndi wailesi yakanema, makiyi akuzungulira pa chala. aDokotala anali atachoka, koma fungo la mafuta awo linali likadali m'nyumba.

"Dzino lija lapola?" anafunsa achimwene.

Mzime anakhala pa mkono wa mpando. "Nenani zimene mukufuna kunena."

"Tamva zonse," anatero amayi. "aDokotala awerenga chikwangwani, afunsanso mlonda wa pafupi. Si nyumba ya mkazi ayi. Bola ikanakhala ya mkazi! Ndi kwa anthu odwala mutu. Akuti akuluakulu amakakhala pansi n'kumasewera ndi zidole mu mchenga. Mwana wanga, ukufuna kukwatiwa ndi wamisala?"

"Si wamisala."

"Nanga amakatani kumeneko?"

Yankho linali pa lilime. Akanangonena za njinga yamoto, za mawu oitana kumbuyo kwa ambulansi, amayi akanagwira pakamwa, mwina akanalira. Koma anali atalonjeza, ndipo lonjezolo linali lisanathe ngakhale tsiku.

"Amakapeza thandizo. Zina sindinganene."

"Wamva?" achimwene anatembenukira amayi. "Wayamba kale kuyankhula ngati iwo. Matendawa ndi opatsirana."

"Achimwene, inu mukapsa mtima mumamenya chitseko, alamu n'kuthawira kuno ndi ana. Iwo zikawavuta amakaumba mchenga, osapweteka munthu. Wodwala ndani pamenepa?"

Makiyi anasiya kuzungulira. "Iwe, usandilankhule ngati mnzako."

"Basi!" anatero amayi. Anapukusa mutu, ndipo atayambanso kuyankhula mawu awo anali otsika. "Mzime, khala bwinobwino undimvere. Bambo ako anali munthu wachete. Anthu ankandisirira, akuti ndinapeza mwamuna wofatsa. Ndinkagona naye bedi limodzi osadziwa kuti m'mutu mwake mukuyenda chiyani. Ndinadziwa tsiku limene ndinapeza mbali yake ya kabati ili pululu. Iwe unali kumsana. Sindikudana naye mnyamatayu. Ndikuopa kuti udzakalamba ukufunsa mafunso wekhawekha ngati ine."

Nkhaniyi amayi sankaikamba kawirikawiri, ndipo Mzime inamulasa pamalo pomwe panali pofewa kale.

"Amayi, bambo sanapite kulikonse kukafuna thandizo. Awa apita."

"Apita, inde. Ndiye tidikire achire."

"Ndipo zatheka kale," anatero achimwene. "Ndawaimbira amalume awo. Ndawauza kuti kumapeto kwa mwezi asavutike kubwera, ayambe asamala mwana wawo, mutu wake sukuyenda bwino."

Mzime anaimirira. "Mwawauza chiyani?"

"Zoona. Nanga tiwabisire? Iwo eni anadabwa, sankadziwa n'komwe."

Anafuna kufuula, kuswa kapu ya alendo ija, kuchita chilichonse. Koma thupi linakana. Tsikulo linali litamudya kale mphamvu zonse. Anangoti, "Mwandilakwira, achimwene," n'kulowa kuchipinda.

Anaimba foni ya aDuu. Inali pa mzere wina. Anaimbanso, chimodzimodzi. Kwawo anali atayamba kale kuwaimbira.

* * *

Lachisanu lonse anatumiza mauthenga. "Pepani, si ine ndanena." "Ndi aDokotala aja, anatitsatira." "Za m'chipinda sindinauze munthu, ndikulumbira." "Ndiyankheni chonde."

Yankho linabwera limodzi, chakumasana: "Ndikudziwa si iwe. Kuno zachuluka. Ndikufotokozera."

Uthenga wina unali wa aDokotala: "Choonadi chimawawa, achemwali, koma ndi mankhwala. Ine ndilipo." Umenewo anaufufuta osaumaliza bwino.

Loweruka m'mawa anadzuka atatsimikiza mtima. Ngati abale akufuna kudikira, adikire. Iye akawauza aDuu kuti Lachinayi lililonse azidzawaperekeza mpaka pa chitseko chachikasu, n'kumawadikira pa benchi. Anagula buledi ndi mazira panjira, kuti akadyere limodzi ngati kale.

Atafika pa geti anaima. Pa chingwe panali patayanikidwa matewera ndi timalaya ta mwana. Pa zenera panali katani wa maluwa amene sanamuonepo. Anayang'ana nyumba zoyandikana kuti mwina wasochera, koma nsapato za kuntchito za aDuu zinali pakhonde, zitapukutidwa mpaka kuwala.

Anagogoda. Chitseko chinatsegulidwa ndi mkazi wa msinkhu wake, wowonda, wa maso akuluakulu, tsache lili m'manja. Kamtsikana kongoyamba kuyenda kanali katagwira siketi yake.

"Mukufuna ndani?"

"Eni nyumba."

"Atuluka. Apita kukagula matiresi." Mkaziyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, maso n'kuima pa jumbo ya buledi. "Oo. Ndinu aja."

"Inu ndinu ndani?"

"Ndine mlamu wawo, mkazi wa malemu mng'ono wawo. Ndafika dzulo. Apongozi atamva kuti abale anu akuti mwana wawo ndi wamisala, analira usiku wonse. Ndiye andituma. Akuti munthu wodwala safuna chibwenzi, amafuna womusamala."

Kumbuyo kwake Mzime anaona masutikesi awiri akuluakulu atatsamira khoma. Sanali a munthu wodzacheza. Pa tebulo panali chithunzi cha mnyamata womwetulira atakwera njinga yamoto, chitaikidwa mu felemu.

"Mukhala mpaka liti?"

"Apongozi sananene za kubwerera. Akuti mwanayu akufunika bambo, ndipo magazi ndi amodzi." Ananyamula kamtsikana kaja n'kukakhazika m'chiuno. Sankayankhula mwaukali ayi. Nayenso ankaoneka wotopa, ngati munthu amene walira mpaka misozi kuuma. "Musandione ngati mdani, achemwali. Koma ine ndi alamu timalira munthu mmodzi. Inu mwabwera kudzalira ndani?"

Mzime anamva jumbo ikulemera m'manja. Mkaziyo anasuntha pang'ono, dzanja lili pa chitseko.

"Mulowa muwadikire, kapena nditseke? M'nyumba mukulowa ntchentche."